Ma forklift oyenda okha amene ankaima popanda chowaimitsa: lipoti la zimene ndinapeza

Anandiitana ku nyumba ina yaikulu yosungiramo katundu chifukwa cha dandaulo limodzi. Ma forklift awo, ngolo zonyamulira katundu zoyenda zokha popanda dalaivala, ankangoima pakati pa njira pomwe kutsogolo kulibe munthu, kulibe paleti, kulibe kanthu kalikonse. Manijala wa pamalopo anandiuza pa foni kuti masensa, zipangizo zimene makinawo amaonera, ndi akufa, ndipo ankafuna ndiwalembere kalata yoti akawabweze kwa amene anawagulitsa. Kalatayo sindinalembe. M'lipotili ndafotokoza zimene ndinapeza, m'ndondomeko imene ndinazipezera, kuphatikizapo vuto lina limene sanandiitanire koma ndi limene linandisowetsa tulo. Dzina la kampaniyo ndi la opanga makinawo sinditchula, chifukwa zimene zinachitika kumeneko zikhoza kuchitika paliponse pamene makina oterewa akuyenda pakati pa anthu.

Malowo ndi makina ake

Nyumbayo ili ndi zigawo zitatu. Kuli chipinda chozizira, kumene mpweya umakhala pa madigiri ochepa pamwamba pa 0. Kuli holo ya mashelefu ataliatali. Ndiye kuli khonde lopakirira, la makomo angapo, kumene malole amabwerera chambuyo kudzatenga katundu. Ma forklift alipo anayi, onse amtundu umodzi, ndipo pa njira yowongoka amathamanga mamita 1.5 pa sekondi, ngati munthu amene akuyenda mwandawala. Njira zimene amadutsa n'zomwezo zimene ogwira ntchito amadutsa.

Maso a makinawa ndi lidar. Lidar imatulutsa kachidutswa kakafupi kwambiri ka kuwala kwa laser, kuwalako kukagunda chinthu kumabwerera, ndipo makinawo amawerenga nthawi imene kwatenga pa ulendowo. Kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, kutanthauza masentimita 30 pa nanosekondi imodzi, yomwe ndi gawo limodzi la sekondi itagawidwa ka 1 biliyoni. Poti ulendowu ndi wopita ndi wobwera, nanosekondi iliyonse imaimira masentimita 15 a mtunda. Khoma limene lili pa mamita 10 limabweza kuwala patatha mananosekondi pafupifupi 67. M'kati mwa chipangizo cha lidar, chimene timachitchanso scanner, muli kagalasi kozungulira kamene kamamwaza kuwalako mbali zonse, moti makinawo amapeza mzere wa timadontho tosonyeza zimene zawazungulira.

Owerenga akumbukire chinthu chimodzi, chifukwa lipoti lonseli latsamira pamenepo. Lidar sidziwa kuti uyu ndi munthu, ili ndi khoma, awa ndi mame. Imadziwa zinthu zitatu basi: mbali imene kuwala kwachokera, nthawi imene kwabwerera, ndi mphamvu imene kwabwerera nayo. Zina zonse ndi zimene ifeyo tinauza pulogalamu kuti izitanthauzira.

Forklift iliyonse ili ndi lidar za ntchito ziwiri. Yoyamba ili pamwamba pa mlongoti, kupitirira mamita 2 kuchokera pansi, ndipo ntchito yake ndi kudziwa pamene forklift ili. Imafufuza zonyezimira zimene zinamatidwa pa nsanamira ndi m'makoma, ikaona zosachepera zitatu n'kuyerekeza ndi mapu amene ili nawo, imadziwa malo ake. Zina ziwiri zili m'munsi, kutsogolo ndi kumbuyo, masentimita 15 kuchokera pansi. Izi ndi zachitetezo. Kutsogolo kwa forklift zimajambula zigawo ziwiri zosaoneka ndi maso: chakutali ndi chochenjeza, chinthu chikalowamo forklift imachepetsa liwiro; chapafupi ndi choteteza, chinthu chikalowamo mabuleki amagwira pompopompo.

Ma scanner achitetezowa amapangidwa motsatira muyezo wa IEC 61496-3, ndipo amayenera kuona ngakhale chinthu chimene chimabweza 1.8 peresenti yokha ya kuwala, monga buluku lakuda bii la nsalu yomwa kuwala. Diso limene lingaone buluku lotere lili pa mamita angapo limaonanso kadontho ka madzi kamene kali pafupi nalo. Manijala ndinamufotokozera zimenezi tsiku loyamba, koma sanazikonde.

Zimene malekodi ananena

Masiku awiri oyamba sindinagwire sipanala. Ndinakhala mu ofesi n'kumawerenga malekodi a ma forklift onse anayi, a masabata angapo. Pa pepala la manijala chilichonse chinkalembedwa ndi mawu amodzi, "yaima". Makinawo okha ankasiyanitsa. Nthawi zina ankalemba kuti chinthu chalowa m'chigawo choteteza, nthawi zina kuti galasi la scanner lada, nthawi zina kuti forklift yasokonezeka ndipo sikudziwa pamene ili. Awa ndi matenda atatu osiyana, ndipo lachitatulo silikhudzana n'komwe ndi ma scanner a m'munsi amene ankafuna kuwabwezawo.

Ndinasindikiza pulani ya nyumbayo n'kumaika kadontho ka inki paliponse pamene forklift inaima, mtundu wa inki malinga ndi chifukwa chake, pambali n'kulemba nthawi. Ndi ntchito yotopetsa, ndipo foromani anandifunsa kawiri ngati ndabwera kudzakonza makina kapena kudzajambula zithunzi. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Pofika madzulo a tsiku lachiwiri madonthowo anali ataunjikana pa khomo la chipinda chozizira ndi pa khomo limodzi la ku khonde. Ena anali atamwazika nyumba yonse, koma onsewo anali a forklift imodzi, yachitatu. Ndinaonanso kuti forklift yachinayi inali ndi madontho ochepa kwambiri kuposa zinzake. Ndinazilemba pambali n'kupitiriza zina. Ndikanayambira pamenepo.

Pa khomo la chipinda chozizira

Apa m'pamene panali madontho ambiri, makamaka m'mawa ndiponso masiku a mvula. Ndinapita kukaima pakhomopo ntchito isanayambe. Forklift yoyamba italowa, inakhalamo mphindi zingapo, n'kutuluka ndi paleti, ndipo itayenda pang'ono inaima. Ndinagwada n'kuyang'ana galasi la scanner yakutsogolo. Linali litachita mame, ngati botolo limene langotulutsidwa m'firiji. Galasi lozizira likakumana ndi mpweya wofunda wa chinyezi, madzi a mumpweyawo amakhala pagalasipo, ndipo timadonthoto timamwaza kuwala kwa laser kusanatuluke n'komwe. Scanner ili ndi njira yakeyake yoyezera ngati galasi lake lada, ndipo ikaona kuti singathenso kuona bwino imaimitsa makina. Inachita zimene inapangidwira.

Panalinso zina ziwiri zimene zinkawonjezera. Makatani apulasitiki a pakhomopo anali atang'ambika ndipo ena atachotsedwa chifukwa ankakola katundu, ndiye mpweya wozizira ndi wofunda unkasakanikirana momasuka n'kupanga kachifunga kokwawa pansi, ndendende pa msinkhu wa scanner. Chachiwiri chinali chochokera ku mtima wabwino. Ogwira ntchito anali atazindikira okha kuti akapukuta galasi forklift imanyamuka, choncho aliyense ankapukuta ndi chimene ali nacho m'manja: mkono wa ovololo, katoni, magolovesi a mchenga. Chimene timachitcha galasichi kwenikweni ndi pulasitiki, ndipo sichichedwa kukalika. Nditawalitsa tochi chammbali, ndinaona mikwingwirima yambirimbiri. Galasi lokalika limakhala litadya kale gawo la malire amene scanner imalola, moti mame ochepa chabe amakwanira kuliimitsa.

Manijala anafunsa funso labwino apa. Anati anamva kuti magalimoto ena oyenda okha amagwiritsa ntchito laser yamtundu wina, yamphamvu, ndiye bwanji osagula imeneyo. N'zoona kuti ma lidar ambiri, kuphatikizapo ma scanner ambiri a m'mafakitale, amagwiritsa ntchito kuwala kwa pafupifupi ma nanomita 905 (muyeso wa utali wa funde la kuwala, umene umasiyanitsa mitundu ya kuwala), pamene ena a magalimoto amagwiritsa ntchito kwa ma nanomita 1550. Ubwino wa 1550 uli pa diso la munthu: kuwalako kumamwedwa ndi mbali yakutsogolo ya diso kusanafike kumbuyo kumene kuli minyewa yoonera, choncho wopanga amaloledwa kutulutsa mphamvu zambiri laser yake ikadali m'gulu la Class 1 la muyezo wa IEC 60825-1, gulu la ma laser osavulaza maso, ndipo galimoto imaona patali. Koma chimene chimamwa kuwalako m'diso ndi madzi. Kuwala kumene madzi amakumwa kwambiri sikungakhale mankhwala a mame, komanso chipangizo chokulandirira sichikhala cha silicon wamba, n'chifukwa chake chimakwera mtengo. Mtunda wautali sitinkausowa n'komwe. Chigawo chathu choteteza ndi cha mamita ochepa.

Palinso nzeru ina imene asilikali anayamba kale kuigwiritsa ntchito. Pa akasinja ankhondo monga M1 Abrams, chipangizo choyezera mtunda ndi laser chili ndi posankhira kuti chitenge kuwala kumene kwabwerera koyamba kapena komaliza, chifukwa pakati pa msilikali ndi chimene akulozacho pakhoza kukhala utsi kapena nthambi za mitengo. Lidar yathu ya pamwamba pa mlongoti imachita zofananako, ndipo n'chifukwa chake chifunga sichinkaisokoneza kwenikweni. Koma pa kasinja pali munthu amene akuona ndi maso ake n'kusankha. Scanner yachitetezo ya m'nyumba ilibe woiuza kuti chimene chabweza kuwala pafupipo ndi chifunga osati mwendo. Alipo ma scanner opangidwira panja amene anayesedwa pa mvula ndi chifunga, koma a pamalopa sanali amenewo.

Tinasintha magalasi okalika, tinaika makatani atsopano ndi chopemerera mpweya wouma pakhomopo, ndipo pambali pa khomo tinapachika kabokosi ka nsalu zofewa ndi madzi opukutira amene opanga amalola. Chimene chinathandiza koposa sichinafune kugula kanthu. Tinasintha kagawidwe ka ntchito kuti forklift imodzi izikhala m'chipinda chozizira shifiti yonse, izingotula paleti pakhomo, ina yakunja izidzatenga. Galasi limene silikusinthasintha malo ozizira ndi ofunda silichita mame.

Pa khomo la ku khonde

Apa uthenga wa m'malekodi unali wakuti forklift yasochera. Zinkachitika pa khomo limodzi lokha, ndipo osati nthawi zonse. Ndinakhalapo theka la tsiku osaona kanthu, kufikira lole ina itabwera n'kuima chapatali pang'ono ndi khomo, zitseko zake zakumbuyo zili zotseka, kudikira kuti aiitane. Chitseko cha nyumbayo chinali chotsegula kuti mphepo izilowa. Forklift itafika pamenepo inakhota pang'ono ngati yaledzera, kenako inaima.

Kumbuyo kwa malole akuluakulu kumamatidwa tepi yonyezimira kuti madalaivala ena aziwaona usiku. Tepi imeneyi ndi yamtundu womwewo ndi zonyezimira zathu za pa nsanamira: m'malo momwaza kuwala mbali zonse ngati khoma loyera, imakubweza kumene kwachokera, ndipo imaoneka yowala kambirimbiri kuposa pepala loyera. Lidar ya pamlongoti imazindikira chonyezimira poona mphamvu ya kuwala kobwerera. Tepi ya pa ngodya ya loleyo inkaoneka kufupi kwambiri ndi pamene mapu amanena kuti pali chonyezimira cha pa mphuthu ya khomo, ndipo paleti zounjikidwa zinali zitabisa zonyezimira zina ziwiri za mbali imeneyo. Pulogalamu inatenga tepiyo ngati chizindikiro chake, masamu ake anasiya kugwirizana, ndipo inasankha kuima m'malo moyenda mongoganizira.

Vutoli linali la amene anakonza mapu poyamba. Zonyezimira za ku khonde anaziika motalikirana mofanana, mwina chifukwa zimaoneka bwino choncho, koma mzere wofanana umachititsa kuti malo awiri osiyana azioneka chimodzimodzi kwa makina. Tinachotsa cha pa mphuthu n'kuchiika pakhoma lam'kati, tinawonjezera zina motalikirana mosiyanasiyana komanso pamwamba pa msinkhu wa paleti, tinauza pulogalamu kuti isamawerengere chilichonse chochokera kunja kwa mzere wa makomo, ndipo tinayezanso mapu. Kuyambira pamenepo uthengawo sunabwerenso.

Forklift yachitatu

Iyi sinavute. Inkaima paliponse, makamaka ikasenza katundu wolemera n'kumachepetsa liwiro. Nditaika choyezera pa chitsulo chogwirira scanner yakutsogolo, ndinapeza kuti chinapindika n'kuweramitsa scanner pafupifupi madigiri 2. Penti inali itasupuka pangodya, umboni wakuti china chake chinaigunda. Masamu ake ndi apafupi: scanner imene ili pa masentimita 15 ikawerama madigiri 2, kuwala kwake kumagunda pansi pa mamita 4.3. Forklift ikagwira buleki n'kuwerama digiri inanso imodzi, malowo amafika pa mamita 2.9, ndipo pamene simenti yatukumuka pang'ono amayandikiranso kuposa apo. Inkaona pansi n'kumayesa chinthu chotchinga njira.

Vuto limeneli ndi lakale. Galimoto ya Stanley ya ku Stanford University, imene inapambana mpikisano wa magalimoto oyenda okha wa DARPA Grand Challenge mu 2005 itayenda yokha makilomita 212 m'chipululu cha Mojave, inali ndi ma scanner asanu a kampani ya SICK padenga, abale ake a amene timagwiritsa ntchito m'mafakitale. Gulu limene linapanga galimotoyo, lotsogoleredwa ndi Sebastian Thrun, linalimbana ndi zomwezi: galimoto ikagwedezeka, kulakwitsa pang'ono pa kuwerama kwake kunkachititsa kuti njira yosalala izioneka ngati ili ndi zotchinga. Iwo anathana nazo ndi masamu. Ife tinangosintha chitsulo n'kuwotcherera chotchinjiriza kutsogolo kwake.

Forklift imene "inali bwino"

Nditamaliza zitatuzi ndinabwerera ku ija yachinayi. Manijala ankainyadira. Ankati ikanakhala kuti onse ali ngati imeneyi sakanandiitana. Koma inali yofanana ndi zinzake, inkadutsa khomo lomwelo la mame, ndipo galasi lake linali lokalika chimodzimodzi. Panalibe chifukwa choti ikhale yosiyana.

Scanner yachitetezo imasunga nambala yotchedwa checksum, imene imasintha munthu akasintha kalikonse m'makonzedwe ake. Nambalayi imalembedwa m'mapepala tsiku limene makina akuperekedwa. Ya ma forklift atatu inagwirizana ndi ya m'mapepala. Ya scanner yakutsogolo ya forklift yachinayi sinagwirizane. Nditalumikiza kompyuta yanga ndinapeza kuti chasintha ndi chinthu chimodzi chokha.

Scanner yamtunduwu imazungulira kamodzi pa mamilisekondi 40 (milisekondi ndi gawo limodzi la sekondi itagawidwa ka 1,000), ndipo siimitsa makina ikangoona chinthu kamodzi. Imadikira kuti ichione maulendo angapo motsatizana, kuti kachilombo kouluka kapena fumbi lisamaimitse ntchito. Pa nthawi yopereka makina nambalayi inali 2, kutanthauza mamilisekondi 80. Wina anaikweza kufika pa 8, kutanthauza mamilisekondi 320. Kukweza nambalayi n'kololedwa, ndipo buku la opanga limafotokoza kachitidwe kake. Koma limanenanso kuti ukaikweza uyenera kutalikitsa chigawo choteteza, chifukwa nthawi yonse imene scanner ikudikira forklift imakhala ikuyendabe. Pa liwiro la mamita 1.5 pa sekondi, mamilisekondi 240 owonjezerawo ndi masentimita 36. Chigawo choteteza sichinatalikitsidwe ngakhale ndi sentimita imodzi.

Utali wa chigawocho sitimangoganizira. Timaphatikiza mtunda umene makina amayenda pamene scanner ndi zolamulira zikukonzekera, mtunda wa mabuleki pa katundu wolemera kwambiri, kenako timawonjezerapo pang'ono chifukwa cha kutha kwa mabuleki, kulakwitsa kwa muyezo wa scanner, ndiponso phazi la munthu, limene limatsogola pansi pa mzere wa laser pamene scanner ikuona mwendo. Zowonjezerazi zonse pamodzi, pa makina awa, sizinkafika masentimita 36.

Sindinafune kukangana ndi munthu pa masamu a papepala. Muyezo wa ISO 3691-4, umene unatuluka koyamba mu 2020 wokhudza ngolo za m'mafakitale zoyenda zokha, uli ndi zoyesera ziwiri zakuda: chimodzi chozungulira cha mamilimita 70 m'mimba mwake ndi 400 m'litali, choimikidwa ngati mwendo, ndi china cha mamilimita 200 ndi 600, chogonekedwa ngati munthu amene wagwa. Tinatchinga njira imodzi, tinasenzetsa ma forklift paleti yolemera, n'kuika choyesera cha mwendo pakati pa njira. Atatu aja anaima asanachifike. Yachinayi inachigunda n'kuchigwetsa, ndipo inaima chili pansi pa chitsulo chake chakutsogolo. Foromani, amene anaima pambali panga, sanayankhule kanthu. Anangoyang'ana nsapato zake.

Amene anasintha anali mekaniki wa shifiti ya usiku. Sanabise. Nditamufunsa anati: "Achimwene, usiku ndimakhala ndekha. Ikaima katatu foni imalira, m'mawa abwana akufunsa chifukwa chake malole anachedwa. Ndinaona m'buku kuti nambala ija imafika 16, ine ndinangoika pakati." Pasiwedi anaipeza italembedwa pa kapepala komata m'kati mwa chitseko cha kabati. Anayamba ndi forklift imodzi kuti aone ngati zithandize, ndipo poti zinathandiza, ankakonza zoti achitenso pa zinzake kumapeto kwa mweziwo. M'lipoti langa kwa akuluakulu a kampaniyo ndinalemba kuti munthuyu asachotsedwe ntchito. Anachita zimene aliyense pamalopo ankapempha tsiku ndi tsiku, ndipo palibe amene anamuphunzitsapo kuti nambala imeneyi imayendera limodzi ndi utali wa chigawo.

Manijala sanavomere msanga kuti forklift yachinayi iime. Anati yayenda choncho masabata ambiri popanda kugunda munthu. Ndinamuuza nkhani ya ku Tempe, ku Arizona. Pa 18 Malichi 2018 galimoto ya Uber imene inkayesedwa kuyenda yokha inagunda ndi kupha mayi amene ankawoloka msewu usiku akukankha njinga. Bungwe la NTSB, lofufuza ngozi ku United States, linapeza kuti makinawo anaona mayiyo masekondi 5.6 ngoziyo isanachitike, koma pulogalamu inkasinthasintha maganizo, pena n'kumati ndi galimoto, pena njinga, pena chinthu chosadziwika. Itazindikira kuti ngozi ili pafupi, kutatsala masekondi 1.2, inali itakonzedwa kuti iyambe yadikira sekondi imodzi isanagwire buleki yadzidzidzi, pofuna kupewa kuima pa zinthu zimene kulibe. Dongosolo la mabuleki odzigwira okha la galimotoyo, yomwe inali Volvo XC90, linali litazimitsidwa pamene galimotoyo ikudziyendetsa, ndipo munthu amene anali pa chiwongolero sankayang'ana msewu. Sindinanene kuti forklift ndi galimoto ya pamsewu. Ndinangomusonyeza kuti kumeneko anagula bata ndi sekondi imodzi, ife tinaligula ndi mamilisekondi 240, ndipo onse awiri tinalipira ndi mtunda wa pakati pa chitsulo ndi munthu. Kenako ndinamuuza kuti ngati forkliftyo ipitirize kuyenda, asaine yekha kuti ndamuchenjeza. Anandipatsa makiyi.

Kubwezeretsa nambala pa 2 kunatenga mphindi zochepa. Tinayesanso ma forklift onse ndi zoyesera ziwiri zija, kutsogolo ndi chambuyo, opanda katundu ndi olemedwa, pamalo ouma ndi pa khomo la chipinda chozizira kumene simenti imakhala yonyowa. Pamalo onyowapo mtunda wa mabuleki unali wautali kuposa umene unalembedwa m'mapepala akale, choncho tinachepetsa liwiro m'chigawo chimenecho kufika mita imodzi pa sekondi. Pasiwedi tinasintha, ndipo ili ndi anthu awiri okha. Checksum ya scanner iliyonse tinaisindikiza n'kuimata pambali pa forklift, kuti foromani aziyerekeza ndi imene ikuoneka pa scanner sabata iliyonse. Mekaniki uja ndi amene anandithandiza kuyesa konseku, ndipo tsopano ndi iye amene amasunga zoyeserazo.

Zimene zatsala

Nditabwererako patapita mwezi, madontho a pa pulani anali atachepa kwambiri, koma sanathe. Ambiri mwa otsalawo ndi a pulasitiki yokulungira paleti imene imalendewera n'kumakwekwereza pansi, ndi zidutswa za matabwa zogwa m'njira. Pamenepo scanner ikuona chinthu chenicheni, ndipo mankhwala ake ndi tsache ndi mpeni wodulira pulasitiki. Ndinapempha kuti pa pepala la manijala mawu akuti "yaima" agawidwe malinga ndi chifukwa, ndiponso kuti mekaniki wa usiku asamawerengeredwe mlandu pa kuima kumene kwachitika chifukwa cha chitetezo. Choyambacho anachita. Chachiwiricho akuti akukambiranabe.

Pali malo amodzi amene sindinawamalize. Pa ngodya ya shelefu yomaliza pali chitsulo chosachita dzimbiri, chosalala ngati kalilole, chimene anatchingira nacho mapaipi. Chinthu chosalala choncho chimathamangitsira kuwala kumbali m'malo mokubweza, ndipo nthawi zina scanner imalandira kuwala kumene kwayenda njira yokhota, kugunda chitsulo, kugunda chinthu china, n'kubwerera, moti imaonetsa chinthu pamalo pamene palibe. Ndinamatapo pepala lakhaki ndi tepi kuti ndione ngati ndi chimenecho, ndipo kwa masabata awiri forklift sinaimepo. Ndawalembera kuti apakepo penti yosanyezimira. Ulendo wotsatira ndikayamba ndi kuona ngati apaka, kenako ndikayesanso mabuleki a forklift yachiwiri, amene pa mayeso omaliza anaima bwinobwino koma atatsala pang'ono kufika pa malire.